Funsani Malume: agogo anatengedwa ndi asipayi, mapepala awo ali kuti?

Malume, ndikulemba kuchokera ku Domwe. Bambo awo a mayi anga anamangidwa nthawi ya Apwitikizi, mayi anga akadali kumsana. Asipayi anafika mbandakucha, n'kuwamanga chingwe m'chiuno, ulendo wa ku Vila. Agogo aakazi mpaka kumwalira kwawo ankangoti, "Anapita nawo ku Santome." Pamudzi ena amati unali mlandu wa msonkho, ena amati anamenya kapitawo pa ntchito ya msewu. Sanabwerenso, ndipo maliro awo sanaliridwe. Mayi anga akalamba tsopano, ndipo tikamamanga ziliza za abale ena amafunsa kuti, "Nanga atate anga anagona kuti?" Ndagulitsa matumba a kachewere, ndalama ya shapa ndili nayo. Ndikufuna ndipite ku ndende ya ku Tete ndikapemphe buku la akaidi akale. Akandionetsa? Nditenge chiyani?

Mdzukulu wawo, Domwe, Angónia

Mayi, ndalama ya kachewereyo muyambe mwaisunga. Ndende ya ku Tete ili m'manja mwa SERNAP, nthambi ya Unduna wa Zachilungamo, ndipo ntchito yake ndi kusunga anthu amene ali m'katimo lero. Si malo osungirako mabuku a zaka 70 zapitazo. Mukayenda makilomita oposa 200, mukapsa ndi dzuwa la kumeneko, n'kubwerako chimanjamanja. Ndiponso monga mwafotokozeramu, agogo anuwo sanali mkaidi wa khoti. Pepala la munthu womangidwa limatsata amene anam'manga, ndiye tiyambe tadziwa kuti anawamanga ndani.

Chisanafike chaka cha 1961, pamene lamulo la indigenato, lolamulira anthu akuda mosiyana ndi azungu, linathetsedwa, munthu wakuda wa kumudzi sankaweruzidwa ku khoti limene azungu ankapitako. Administrador wa ku Vila Coutinho, kumene lero timati Ulongwe, ndiye anali zonse: wokhometsa msonkho ndi iye, mkulu wa asipayi ndi iye, woweruza milandu ndi iye yemweyo. Kalaboso inali pafupi ndi ofesi yake. Munthu ankagonamo masiku angapo, n'kulandira mbalamatodya, thabwa lija la mabowo lomenyera m'manja, kenako n'kutumizidwa ku chibalo cha msewu. Zambiri mwa zimenezi sizinkalembedwa paliponse. Akanakhala kuti agogo anu anathera pamenepa, ndikanakuuzani kuti musadzivutitse.

Koma mwatchula Santome, ndipo pamenepo zinthu zikusintha. Munthu akati achotsedwe m'dziko, cholembera chinkagwira ntchito, chifukwa panali ndalama: ya sitima, ya chakudya cha panjira, ndi ya eni minda ya koko amene ankafuna antchito. Anthu a kuno anayamba kutumizidwa ku zilumba za São Tomé e Príncipe mu 1908. Zinaima kwa nthawi, n'kuyambiranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo ulendo wachiwiriwu ambiri ankapita monga chilango: wolephera msonkho, wothawa chibalo, wobweza mawu kwa mfumu kapena kwa shefu wa posto. Administrador ankalemba kalata yopempha kuti wakutiwakuti achotsedwe. Kalatayo inkakwera kwa bwanamkubwa, n'kukafika ku ofesi ya Negócios Indígenas ku Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo. Pokwera sitima ya pamadzi ankalemba mndandanda wa mayina. Atatsika tsidya linalo, ofesi yotchedwa Curadoria inkamulemba munthuyo m'kaundula, n'kumupatsa nambala ndi munda umene akagwireko. Ndiye dzina la agogo anu likhoza kupezeka m'nyumba zosungira mapepala akale a boma: ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, ku Arquivo Histórico de São Tomé e Príncipe, ndipo mwinanso ku Arquivo Histórico Ultramarino ku Lisboa. Koyambira ndi ku Maputo.

Musanaganize za Maputo, ntchito yaikulu ili pakhonde panu pomwepo, ndipo ndi yachangu kuposa ina yonse chifukwa odziwa akutha. Ine ndakalambira pa makina otayipira, kulembera anthu marekerimento, makalata opempha zinthu ku boma, ndipo ndaona ambiri akubwera ndi mawu akuti "agogo anga, nthawi ya Apwitikizi" basi. Nthawi ya Apwitikizi ndi yaitali, mayi. Mabokosi a ku Arquivo sanawasanje potsata mayina a anthu ayi, anawasanja potsata ofesi ndi chaka. Wopanda chaka alibe poyambira.

Khalani pansi ndi mayi anu, muitanenso nkhalamba ziwiri zitatu za m'mudzimo, makamaka za kuchimuna kwa agogowo. Muike foni pakati izijambula mawu, koma muyambe mwapempha. Musafunse kuti "chinali chaka chanji?" chifukwa akuyankhani chaka chilichonse pofuna kukusangalatsani. Funsani kuti njala ya 1949 inali itadutsa kapena ayi. Funsani ngati njanji inali itafika ku Moatize, pakuti inafika chaka chomwecho. Funsani ngati kutsidya kwa malire ku Dedza anali atayamba kudandaula za chitaganya cha 1953. Funsani amene anali mfumu, amene anali nyakwawa, ndi dzina limene anthu anam'patsa Administrador wa nthawiyo, chifukwa mzungu aliyense wa pa boma anali ndi dzina lake la m'mudzi, ndipo nkhalamba siziliiwala. Ngati mayi anu anabatizidwa ali khanda, buku la ubatizo la ku mishoni ya Lifidzi kapena ku parishi yanu likupatsani chaka chobadwa, mwinanso dzina la bambo awo monga linkalembedwera. Chimenecho chokha chikhoza kudula zaka makumi awiri n'kutsala ziwiri kapena zitatu.

Kenako dzina. Mwamuna wa nthawi imeneyo ankakhala ndi mayina angapo: la paubwana, la kudambwe kapena la ubatizo, la ku ntchito, ndi chiwongo chimene akazi ake ankamuitanira. Alembeni onse. Kalaliki wa pa boma ankalemba zimene khutu lake lamva, m'kalembedwe ka Chipwitikizi. Phiri ankasanduka Piri kapena Pire, Mwale ankakhala Muale, Nkhoma ankakhala Ncoma kapena Incoma. Pamene ife timalemba ny iye ankaika nh, pamene timalemba kw iye ankaika cu kapena qu. Kawirikawiri munthu ankadziwika ndi dzina lake, la bambo ake, la mayi ake, mudzi, ndi mfumu imene ankakhomerako msonkho. N'chifukwa chake dzina la mfumu ndi lofunika ngati dzina la munthuyo. Mufufuzenso m'sutikesi yakale ya agogo aakazi, pansi pa nsalu zija sazivala. Mukapeza kabuku kakang'ono kothetheka, kokhala ndi chidindo cha chala ndi zidindo za msonkho chaka ndi chaka, imeneyo ndi caderneta. Musaimate ndi selotepi, musaichape, ingoijambulani tsamba lililonse. Chaka chimene zidindo za msonkho zalekera ndicho chaka chimene mukufuna.

Mukasonkhanitsa zimenezi, lembani kalata m'Chipwitikizi kwa mkulu wa Arquivo Histórico de Moçambique. Nyumba imeneyi inakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ili pansi pa Universidade Eduardo Mondlane. Kalatayo ikhale yaifupi: inu ndinu yani, munthuyo ndi ndani wanu, mayina ake onse m'kalembedwe konse, mudzi, mfumu, Circunscrição da Angónia, zaka zimene mukuganizira, ndi mawu akuti desterro para São Tomé, kutanthauza kupirikitsidwira ku Santome. Muwonjezere kuti ayang'anenso mapepala a ku Beira, chifukwa m'zaka za m'ma 1940 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1950 Tete ankalamulidwa kuchokera kumeneko, pansi pa Manica e Sofala. Ambiri amaphonya pamenepa.

Musayembekezere kuti ogwira ntchito kumeneko asiya zonse n'kukufufuzirani tsamba ndi tsamba. Iwo akuuzani mabokosi oyenera kutsegula. Wotsegula mupeze ndinu. Kuchoka kuno kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, ndipo kachewere wanu sangakwanire ulendo, malo ogona ndi chakudya. Koma ana a kuno ku Angónia amene akuphunzira mbiri yakale pa yunivesite imeneyo alipo. Funsani ku tchalitchi kapena kwa aphunzitsi a ku sekondale, akulozerani mmodzi. Mugwirizane kuti muzimulipira pang'onopang'ono, ndipo tsiku lililonse limene walowa azikutumizirani pa WhatsApp nambala ya bokosi limene watsegula, ngakhale asanapezemo kanthu. Wokuuzani kuti "tumizani zonse lero, mawa ndikupatsani pepala la agogo anu," ameneyo ndi wakuba.

Chinanso, muwakonzekeretse mayi anu. Mawu akuti Santome m'midzi mwathu muno ndawamva akunenedwa za aliyense amene anatengedwa osabwerera, ngakhale amene anathera ku minda ya nzimbe ku Marromeu ndi ku Luabo, kapena amene anadula chingwe panjira n'kulowa ku Nyasaland. Ndipo ngati anafikadi ku zilumbazo, si onse anafa msanga. Ena anamaliza zaka zawo osapatsidwa sitima yobwerera, anakwatira konko, ndipo ana obadwira m'minda imeneyo, amene kumeneko amawatcha tongas, alipo mpaka lero. Mukufuna manda, koma mukhoza kupeza achimwene awo a mayi anu amene salankhula Chichewa. Za chiliza, ine ndikuti musadikire pepala. Kufufuza kumeneku kumatenga zaka, ndipo mayi anu si mtsikana. Akuluakulu a banja ndi a mpingo amadziwa chochita ndi munthu amene thupi lake silinaoneke; kambiranani nawo chaka chino.

Malume, bambo anga aang'ono anali katekisiti. Anagwidwa ndi a PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi, mu 1972 powaganizira kuti ankapereka ufa kwa anyamata a kutchire. Anabwerako mu 1974 ali owonda, mano ena mulibe, ndipo mpaka imfa yawo sanakambepo za kumeneko kupatula dzina loti Machava. Chondiwawa n'chakuti mabanja ena kuno amanong'ona kuti iwowo ndi amene anatchula anzawo awiri amene sanabwerere. Ana athu akafuna kukwatirana ndi a mabanja amenewo nkhaniyi imadzuka. Ndikufuna fayilo yawo kuti ndiyeretse dzina lawo.

Mwana wa mkulu wawo, Furancungo, Macanga

Achimwene, kumene fayilo ingapezeke ndikuuzani, koma zoti ikayeretsa dzina la munthu, pamenepo tisiyana maganizo.

Frelimo itatsegula nkhondo m'chigawo chino mu 1968, ndipo ntchito ya damu la Cahora Bassa itayamba mu 1969, apolisi achinsinsi anadzaza Tete yense. Chaka cha 1969 chomwecho PIDE inasinthidwa dzina n'kukhala DGS, ngakhale anthu anapitiriza kunena kuti PIDE. Ndiye pa mapepala a 1972 mukaona DGS, musadabwe. Akatekisiti, aphunzitsi, mafumu ndi eni timagolosale ndiwo ankayamba kugwidwa, chifukwa ndiwo anthu ankawamvera. Ambiri sanaonekere pamaso pa woweruza aliyense. Ankangosungidwa ndi lamulo la ofesi, kuyambira m'zipinda za apolisiwo ku Tete, kenako ku ndende ya Machava pafupi ndi Lourenço Marques, ena ku Mabalane m'chigawo cha Gaza. Choncho ku khoti musatayeko nthawi.

Boma la ku Lisboa litagwa pa 25 Epulo 1974, akaidi a ndale anayamba kutulutsidwa mwezi wotsatira, ndipo mapepala ochuluka a DGS a m'dziko muno anawonongedwa chaka chomwecho. Mapepala amene anapulumuka ndi amene anali atatumizidwa kale ku likulu lawo ku Portugal. Amenewo ali ku Torre do Tombo, nyumba yosungira mapepala akale a boma ku Lisboa, ndipo anatsegulidwa kwa anthu mu 1994. Kumenekonso kuli mapepala a SCCIM, ofesi imene inkasonkhanitsa malipoti a akazitape, a asilikali ndi a ma Administrador, ndipo m'menemo mumapezeka mayina a midzi, a mafumu ndi a anthu ogwidwa. Simufunika kukwera ndege. Pa intaneti pali tsamba lawo lofufuzira lotchedwa DigitArq. Lembanimo dzina m'kalembedwe kosiyanasiyana, lembaninso Furancungo, Macanga ndi dzina la mfumu yanu. Mukapanda kuona kanthu, alembereni kalata, chifukwa si zonse zimene zinaikidwa pa intaneti. Konzekerani kutumiza umboni woti ndinu m'bale wawo ndi setifiketi ya imfa yochokera ku Registo Civil. Kukopera mapepala n'kolipira, ndipo mayina ena a anthu akhoza kubwera atawaphimba.

Tsopano tinene kuti envelopu yafika. M'katimo mupeza pepala lotayipidwa bwino, mutu wake auto de declarações, ndipo likuyamba ndi mawu oti wogwidwayo wanena izi mwa kufuna kwake. Pansi pali siginecha yonjenjemera kapena chidindo cha chala. Muzikumbukira mmene pepalalo linabadwira. Bambo anuwo ankayankha m'Chichewa, kapena m'Chipwitikizi cha ku mishoni, atamenyedwa, atakhala masiku osagona. Womasulira anali wa apolisi omwewo. Wotayipa ankafuna kusangalatsa bwana wake ndi mayina ambiri. Nthawi zina mayinawo apolisi ankakhala ali nawo kale, n'kungomuuza munthu kuti avomere. Ku Machava komweko, mu Disembala 1972, kunafera M'busa Zedequias Manganhela, mtsogoleri wa mpingo wa Presbyterian, munthu wodziwika mpaka kunja. Ngati anachita zotero ndi munthu wotchuka, katekisiti wa ku Macanga anali ndani pamaso pawo?

Ndiye mukapeza mayina a anthu awiri aja pa pepalalo, simunapeze umboni woti anawapereka. Mukapanda kuwapeza, onong'onawo anena kuti tsamba lina linasowa. Ndipo mukhoza kupezamo chimene simunachifune: dzina la amene ananeneza bambo anuwo, mwina munthu amene zidzukulu zake mumapemphera nazo limodzi. Muganize lero, envelopu isanabwere, kuti mudzatani nalo dzina limenelo. Ine ndikanakhala inu ndikanawerenga ndi munthu mmodzi wamkulu wa m'banja, wosunga pakamwa, ndipo sindikanalijambula n'kuliponya pa gulu la WhatsApp la banja.

Kukayikiridwa kumeneku sikuli pa banja lanu lokha. Ufulu utabwera, amene anatuluka amoyo ku Machava ambiri anayang'aniridwa ndi diso lomwelo, moti mu 1978 Samora Machel anachititsa msonkhano wa akaidi akale a ndale kuti aliyense afotokoze mmene anakhalira m'ndende. Amene angakuuzeni zoona za bambo anu aang'ono ndi munthu amene anagona nawo chipinda chimodzi. Otsala ndi ochepa, koma alipo. Pitani ku ofesi yoona za ma combatentes ku Tete, kapena kwa a ACLLN, bungwe la amene anamenya nkhondo ya ufulu, mufunse ngati akudziwa mkulu wina wa chigawo chino amene anali ku Machava pakati pa 1972 ndi 1974. Mupite ndi chithunzi cha malemuwo, ndi shuga pang'ono.

Malume, agogo anga anakagwira ntchito ku Halale pa famu ya fodya, ndipo akuti anakhalako m'ndende chaka chimodzi. Mwana wanga amene ali ku Harare wafunsa ndi dzina lathu koma silikupezeka.

Wowerenga wanu, Zobwe

Bambo, mwina silikupezeka chifukwa agogowo sanapite ndi dzina lanulo. Kunali pangano la 1913 lolola Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, kutenga antchito ku Tete, koma amuna ambiri a m'malire muno sankafuna kudutsa m'manja mwa boma la Apwitikizi. Ankalowa ku Nyasaland, n'kutchula mudzi wa abale awo a ku Mwanza, ku Ntcheu kapena ku Dedza, n'kutenga chitupa ngati Anyasa. Funsani abale anu a kutsidyako kuti ankalembetsa kwa mfumu iti ndi dzina liti. Mukalipeza, mwana wanuyo apite nalo ku National Archives of Zimbabwe, akapemphe mabuku a khoti la majisitireti wa dera limene kunali famuyo. Dzina la famu kapena la tauni yapafupi likufunika; "ku Halale" kokha sikukwanira, chifukwa akuluakulu ankatchula choncho dziko lonselo.

Malume, mlongo wanga anali ku Beira wopanda ntchito yolembedwa. Mu 1983 anamugwira pamsewu chifukwa cha mapepala, ndipo tinangomva kuti anamukweza ndege ya ku Niassa. Nkhondo itatha mu 1992 tinadikira, sanabwere. Kodi boma lili ndi mndandanda?

Mlongo wake, Tsangano

Mayi, pepani. Imeneyo inali Operação Produção, pamene anthu zikwizikwi a m'mizinda amene analibe khadi la ntchito kapena la malo okhala anatengedwa kupita ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Sanaweruzidwe ngati akaidi wamba, ndiye ku SERNAP si koyambira. Lembani rekerimento ku boma la chigawo cha Niassa ku Lichinga, ina ku Unduna wa Zam'dziko, mutchule Lamulo 34/2014 la ufulu wopeza nkhani, limene limapatsa ofesi masiku 21 kuti iyankhe. A IPAJ pa boma lanu amathandiza kulemba zoterezi kwa amene alibe ndalama ya loya.

Koma inu musafufuze ngati mukufuna wakufa. Munthu amene anali mnyamata mu 1983 akhoza kukhala moyo lero, ndipo ambiri mwa otengedwawo anakhazikika konko, m'madera ngati Unango, chifukwa chosowa ndalama yobwerera kapena manyazi obwera opanda kanthu. Pemphani abusa kapena ansembe anu alembere anzawo a ku Lichinga kuti alengeze m'matchalitchi. Tumizani uthenga ku wailesi ya Rádio Moçambique ya ku Niassa, imene imaulutsanso m'Chinyanja, mutchule dzina lake la paubwana, la mayi anu ndi la mudzi. A Cruz Vermelha (Red Cross) nawonso ali ndi ntchito yolumikiza abale otayana. Rekerimento iliyonse mulembe ziwiri, imodzi musiye, inayo akudindireni tsiku limene alandira ndipo mubwere nayo kunyumba, chifukwa masiku 21 aja amawerengedwa kuchokera pa chidindo chimenecho.